Pa foni tinkawala, pa pepala tada bii: mafunso ndi mayankho pa zotsuka zithunzi

Chaka chatha m'nyengo ya dzuwa tinali ndi chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga kuno ku Lisungwi. Amayi onse a kuchikazi anavala yunifomu ya chitenje cha buluu, ndipo zithunzi zitayamba kuyenda pa WhatsApp, gulu la banja silinagone usiku umenewo. Patatha masabata awiri zithunzi zotsuka zinafika mu envulopu. Azakhali anga anasolola chimodzi, anachiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Iwe, tsiku lija tinavala nsalu imeneyi? Nanga nkhope yanga yalowa kuti?" Buluu uja anali atapendekera ku pepo, ndipo pankhope pawo pankaoneka mano ndi duku basi.

Mlandu unagwera mnyamata wotsuka zithunzi, monga zimakhalira nthawi zonse. Koma nditakhala naye pansi n'kuona mmene zithunzizo zinayendera kuchokera m'foni mpaka pa pepala, ndinapeza kuti theka la mlanduwo linali lathu. Mafunso ali m'munsiwa ena ndinafunsa ndine, ena ndi amene amamveka pa tebulo la wotsuka zithunzi aliyense, kaya ndi pa Lisungwi, pa Zalewa, ku Mwanza kapena mu Blantyre.

Chithunzi ndi chimodzimodzi. Chimawaliranji pa foni n'kuda pa pepala?

Chifukwa foni ndi nyali, pepala si nyali. Usiku magetsi akathima, yatsani foni: chithunzi chioneka bwinobwino, mwinanso chiunikira ndi khoma lomwe. Tengani chithunzi chotsuka m'chipinda chomwecho, simuona kanthu. Sikirini imatulutsa kuwala kwakekwake, pamene pepala limadalira kobwereka. Limalandira kuwala kwa dzuwa kapena kwa babu, inki n'kumeza gawo lina, ndipo kotsalako ndi kumene kumabwerera m'maso mwanu.

Kuwala kwa sikirini amakuyeza ndi muyeso wotchedwa nit. Mafoni ambiri a masiku ano amafika 400 kapena 500, ndipo odula amapitirira 1,000 akakhala padzuwa. Koma akatswiri okonza zithunzi zoti zisindikizidwe amatsitsa sikirini ya kompyuta yawo kufika pakati pa 80 ndi 120. Tsono ife a kumunsi kwa Neno kuno, kumene dzuwa la Okutobala limaswa mtengo, foni timaikweza mpaka pamapeto kuti tithe kuwerenga uthenga tili panja. Chithunzi chimene chinajambulidwa chakuda chimaoneka chabwinobwino pa foni yotero, chifukwa nyali ikuchikankha kumbuyo. Chikafika pa pepala chimasowa wochikankha, ndiye chimaoneka mmene chinalili kuyambira tsiku lojambula.

Palinso china. Pa sikirini wamba, malo oyera kwambiri amawala kuposa malo akuda kwambiri nthawi pafupifupi 1,000. Pa pepala labwino lonyezimira kusiyanako sikupitirira kwenikweni 200 kapena 300, ndipo pa pepala la mu ofesi kumatsika kwambiri. Ndiye zinthu zakuda zimene sikirini inkazilekanitsa, monga suti ya mkwati, tsitsi lake ndi mthunzi wa kumbuyo kwake, pa pepala zimaphatikana n'kukhala chinthu chimodzi.

Chabwino, kuda tamva. Nanga buluu amasandukiranji pepo?

Apa m'pamene nkhani imakoma. Jambulani sikirini ya TV ndi foni mutayandikitsa kwambiri, kenako mukulitse chithunzicho. Muona timagetsi ting'onoting'ono ta mitundu itatu yokha: tofiira, tobiriwira ndi ta buluu. N'zimene amazitchula mwachidule kuti RGB. Mtundu uliwonse umene mumaona pa sikirini ndi timagetsi timeneti tikuyaka mosiyanasiyana, ndipo tonse tikayaka mofanana mumaona kuyera. Nzeru imeneyi si yadzana. Mu 1861 James Clerk Maxwell anaionetsa ku London pounikira pakhoma zithunzi zitatu za kariboni, china kudzera m'galasi lofiira, china lobiriwira, china la buluu, ndipo zitakumana mitundu ya kariboniko inaonekera.

Inki imayenda chobwerera. Kuwala ukakuphatikiza kumanka kuyera, koma inki ukaiphatikiza imanka ida. Mwana aliyense amene anasakanizapo mapenti a kusukulu akudziwa kuti mapeto ake ndi matope. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi: cyan, amene ndi buluu wonga wa kumwamba, magenta, amene ndi pinki wakuya, yachikasu, ndi yakuda. Mwachidule, CMYK. Taonani kuti pamndandandawu palibe inki ya buluu weniweni, palibenso yofiira kapena yobiriwira. Kuti makina atulutse buluu wa jezi ya Manoma, amathira cyan ndi magenta pamalo amodzi. Magenta akangochuluka pang'ono, Manoma avala pepo. Kufiira kwa Maule ndi magenta wosakaniza ndi chikasu, ndipo chikasu chikapambana, Maule avala olenji. Chitenje cha azakhali anga chinagwa m'dzenje loyambalo.

Komanso pali mitundu ina imene inki singaifikire zivute zitani. Kubiriwira kothobwa m'maso kwa kajekete ka wakabaza, kapena buluu woyaka amene mafoni ena amaonetsa, pepala silingautulutse. Zikatero makina amasankha mtundu woyandikira umene angathe. Pali makina a inki zisanu ndi imodzi, monga Epson L805, amene amawonjezera cyan ndi magenta zopepuka. Zimenezi zimathandiza kuti khungu ndi thambo zioneke zosalala popanda timadontho, koma sizisandutsa pepala kukhala nyali.

Ndiye choona ndi chimene chili pa foni, eti?

Foni yake iti? Yesani izi pakhomo panu. Tumizani chithunzi chimodzi pa mafoni atatu, titi Tecno, itel ndi Samsung, muwaike pamphasa moyandikana. Ina ionetsa nkhope yofiirira, ina yotuwirako, ina mitundu yonse yokolera ngati mwathira mchere wambiri. Opanga mafoni amadziwa kuti wogula amakopeka ndi sikirini yowala ndi yokolera, ndiye ambiri amawatulutsa ku fakitale atawatchera choncho. Ena a ife tinayatsanso kale kabatani koteteza maso usiku, kamene kamathira chikasu pa chilichonse, n'kuiwala kukathimitsa.

Choncho munthu akamanena kuti "ndikufuna chituluke ngati pa foni", akupempha wotsuka kuti atsatire mboni imene nayonso ikusintha mawu. Ine ndimaona kuti funso labwino si lakuti chithunzi chafanana ndi foni kapena ayi. Funso ndi lakuti chafanana ndi munthuyo, ndi nsalu imene anavala, ndi malo amene anaima.

Musanapite kotsukitsa, lowani m'nyumba, tsitsani kuwala kwa foni kufika pakatikati kapena kutsikirapo, thimitsani choteteza maso, ndipo ngati foni yanu imalola kusankha kaonekedwe ka mitundu, sankhani kachilengedwe m'malo mwa kokolera. Chimene muone pamenepo chili pafupi ndi chimene mudzalandire mu envulopu. Ngati nkhope yasowa kale, musayembekezere kuti pepala lidzaibweza.

Zithunzi ndinatumiza pa WhatsApp. Pali vuto?

Lilipo, ndipo ife tinagwa pomwepa. Chithunzi cha m'foni chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiseli. Kamera ya mamegapikiseli 12 imajambula timadontho pafupifupi 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Kuti chithunzi chituluke chakuthwa, osindikiza amafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse. Ndiye kachithunzi ka masiku onse ka masentimita 10 kwa 15 kamafuna 1,200 kwa 1,800, pamene pepala lonse la A4 limafuna 2,480 kwa 3,508. Foni yanu, ngakhale yotchipa, nthawi zambiri imakwanitsa.

Koma WhatsApp, pofuna kuti bandulo isathe msanga, imachepetsa chithunzi n'kuchifinya. Mukatumiza mwa masiku onse, mbali yaitali imatsika kufika cha m'ma 1,600. Pa kachithunzi ka 10 kwa 15 mukhoza kupulumuka. Koma mukati chikulitsidwe chikhale cha mu felemu ya pabalaza, m'mphepete mwa nkhope mumaoneka mano a sowo, ndipo malo akuda amagawika timabokosi. Pofinyapo, zimene zimatayidwa msanga ndi tinthu tosaonekera kwambiri ta mumthunzi, kumene kuli nkhope zathu zambiri. Choipitsitsa ndi sikirinishoti yotengedwa pa sitetasi ya munthu wina. Chimenecho ndi chithunzi cha chithunzi, ndipo wotsuka akachilandira amakhala ngati telala amene wapatsidwa mita imodzi kuti asoke suti.

Kuyambira 2023 WhatsApp ili ndi kabatani ka HD, kamene kamathandizako ngakhale kuti nakonso kamafinya. Njira yosataya kanthu ndi kutumiza chithunzi ngati Document. Ngati bandulo yavuta, pitani ndi foni yeniyeni imene inajambulayo, akachotse ndi chingwe kapena pa memori khadi.

Anadula mitu ya anthu a kumbuyo. Kumeneku si kusasamala?

Mwina, koma pali masamu ake. Mafoni ambiri amajambula pa muyeso wa 4 kwa 3, pamene pepala la 10 kwa 15 ndi la 3 kwa 2. Kuti chithunzi chidzaze pepala, gawo limodzi mwa magawo 9 liyenera kuchoka. Pa chithunzi cha gulu chojambulidwa chopingasa, gawolo limachoka pamwamba ndi pansi, ndiye amalume aatali aja amatsala opanda chipewa. Siyani mpata pamwamba pa mitu pojambula, kapena pemphani pepala la 15 kwa 20, limene limagwirizana ndendende ndi 4 kwa 3, apo ayi muwauze asiye mizere yoyera m'mbali.

N'chifukwa chiyani nkhope zathu ndi zimene zimavutika kwambiri? Diresi ya mkwatibwi imatuluka bwino, mwiniwake osaoneka.

Funso ili lili ndi mbiri yake, ndipo ndi yowawa pang'ono. M'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak ku America inkatumiza kwa otsuka zithunzi kakhadi koyesera makina. Pa kakhadiko panali mayi wachizungu, ndipo makhadi onse otero anadzatchedwa Shirley, potengera dzina la mayi woyamba kujambulidwapo, Shirley Page. Wotsuka ankatchera makina mpaka khungu la Shirley litaoneka bwino, ndipo zithunzi za anthu ena onse zinkadutsa pa muyeso umenewo. Lorna Roth wa pa yunivesite ya Concordia ku Montreal, amene anafufuza nkhaniyi, analemba mu 2009 kuti ena mwa amene anakakamiza kuti filimu iyambe kusiyanitsa bwino mitundu yoderako anali ogulitsa mipando yamatabwa ndi ogulitsa chokoleti, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Makhadi okhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana anadzabwera m'ma 1990. Amene muli ndi maalubamu akale a makolo anu, kaoneni zithunzi za pasukulu kapena pa tchalitchi: malaya ali mbee, nkhope zili bii.

Zinthu zasinthako. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix, inakula mu Africa muno mwa zina chifukwa inatchera makamera ake poganizira khungu lakuda. Google nayo inatulutsa njira yake yotchedwa Real Tone pa foni ya Pixel 6 mu 2021. Komabe kamera ili ndi khalidwe limodzi limene silinathe. Imayang'ana kuwala konse kumene kuli patsogolo pake n'kufuna kukufikitsa pakatikati. Ikaona diresi yoyera, maduku a amayi a Mvano, khoma lopaka laimu ndi thambo la masana, imaganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imadetsa chithunzi chonse. Diresi imapulumuka, nkhope imamira.

Mankhwala ake ali pa tsiku lojambula, osati pa tsiku lotsuka. Gundani nkhope ya munthu pa sikirini musanajambule, kuti kamera iyeze kuwala kuchokera pamenepo. Chotsani anthu padzuwa la masana, limene limakumba maenje amdima m'maso ndi pansi pa chibwano. Aikeni pakhonde atayang'ana kunja, kapena m'mphepete mwa mthunzi wa mtengo wa mango. Ndati mango dala, chifukwa milambe yathu ya kuno, ngakhale imakongoletsa chithunzi, m'nyengo ya maukwati imakhala ilibe tsamba ndi limodzi lomwe, mthunzi wake ndi wa thunthu basi. Kumbuyo kwa anthu kukhale koderako, osati thambo kapena malata onyezimira. M'mawa kapena cha m'ma 4 koloko madzulo khungu limaoneka ndi mafuta ake. Ngati mwambo wakakamiza kuti mujambule masana, yatsani fulashi ngakhale kuli dzuwa, imadzaza maenje aja.

Pali chizolowezi china chimene ine sindigwirizana nacho. Otsuka ena akaona nkhope yada amakweza kuwala kwa chithunzi chonse. Zotsatira zake munthu amatuluka wotuwa mbuu ngati wadzola phulusa, ndipo maluwa a pa diresi amafufutika. Ena amachita kupemphedwa ndi eniake kuti "mundiyeretseko pang'ono", enanso foni imawayeretsa yokha ndi zosalalitsa nkhope zija. Ndalama ndi zanu, koma chithunzi chotsuka chimakhala pakhoma zaka zambiri kuposa foni, ndipo adzukulu adzachiyang'ana pofuna kudziwa kuti agogo awo ankaoneka bwanji. Wotsuka wodziwa ntchito amakweza mithunzi yokha, zoyera n'kuzisiya, ndipo amasamala kuti kufiirira kwa khungu kusathawe.

Ine ndine wotsuka. Ndili ndi laputopu yakale ndi pulinta imodzi. Ndingatani popanda zipangizo zodula?

Achimwene, zambiri zili m'manja mwanu kale. Kuli tizipangizo timene amakoleka pa sikirini kuti tiiyeze n'kuiwongola, monga ta Datacolor kapena Calibrite, ndipo amene angakwanitse agule. Koma zolakwika zambiri zimene ndaona pa matebulo a otsuka sizifuna kachipangizo.

Yambani ndi kuwala. Tsegulani tsamba loyera pa laputopu, mugwire pepala la zithunzi losalemba pambali pake, m'chipinda chimene mumagwiriramo ntchito masana. Tsitsani sikirini mpaka kuyera kwake kutayandikira kwa pepalalo. Poyamba muona ngati laputopu yadwala, koma maso azolowera. Sikirini za malaputopu otchipa zimasinthanso mukaweramitsa chivundikiro, ndiye pezani pokhalira pamodzi ndi kapendekedwe kamodzi, musamasinthe. Musaike tebulo poti dzuwa la pawindo lizimenya sikirini.

Kenako muuzeni pulinta zoona za pepala limene mwaikamo. Mukaika lonyezimira koma pa kompyuta mwasankha pepala wamba, makina amathira inki molakwika, ndipo mitundu imasokonekera musanayambe n'komwe. Pepala ndi inki zikhale za mtundu umodzi nthawi zonse. Ndikudziwa kuti inki ya kampani yeniyeni ndi yodula ndipo ambiri timathira ya m'mabotolo ena, koma mukapeza imene ikukuyenderani, ikakamireni. Mwezi uno iyi, mwezi wamawa ina, ndiye kuti mwezi uliwonse mukuyambiranso kuphunzira makina anu.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale ozolowera. Pulogalamu monga Photoshop imatha kuwongolera mitundu potumiza ku pulinta, ndipo pulinta nayo ili ndi kuwongolera kwake. Zonse ziwiri zikagwira ntchito nthawi imodzi, zili ngati anthu awiri athira mchere mu ndiwo imodzi, aliyense osadziwa kuti mnzake wathira kale. Chithunzi chimatuluka chakuda kapena chopendekera ku pinki. Sankhani mmodzi. Ngati mulibe fayilo yofotokoza khalidwe la pepala ndi inki yanu, imene amaitcha ICC profile potengera bungwe la International Color Consortium limene linakhazikitsidwa mu 1993, lolani pulinta iwongolere yokha. Zithunzi zanu zikhale mu sRGB, muyeso wa mitundu umene HP ndi Microsoft anakonza mu 1996, umene makina ambiri amauyembekezera. Chenjerani ndi zochokera pa iPhone. Kuyambira pa iPhone 7 ya 2016 zimabwera mu muyeso wotakasukirapo wotchedwa Display P3, ndipo pulogalamu yosauzindikira imazitulutsa zofooka mitundu. Zisandutseni sRGB kaye.

Musanayambe ntchito yaikulu, sindikizani katsamba koyesera timabowo totulukira inki. Kuno kumatentha ndipo fumbi la mumsewu silipempha chilolezo polowa. Timabowo ta cyan tikatsekeka, aliyense amatuluka wofiira. Ta chikasu tikatsekeka, nkhope zimapita ku pepo. Pulinta isakhale masiku ambiri osasindikiza kanthu, ndipo muziivundikira ndi nsalu. Magetsi akathima ili pakati pa ntchito, mutu wake wothira inki umatsala panja osabwerera pamalo pake pamene umatsekedwa, ndipo inki imauma. N'zoseketsa kuti gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limachokera pa Nkula ndi pa Tedzani, pa Shire pomwepa, koma ifenso timathimitsidwa ngati wina aliyense. Akangoyaka, yatsani makina kuti mutuwo ubwerere kwawo.

Chomaliza ndi chimene ndimachikonda. Dzipangireni Shirley wanuwanu. Jambulani munthu wa kuno, wakhungu lakuda bwino, atavala duku loyera ndi chitenje cha buluu, atanyamula tomato, kumbuyo kuli masamba. Sindikizani chithunzicho kanayi pa pepala limodzi, chilichonse chowalirapo pang'ono kuposa chinzake, mulembe manambala ake m'munsi. Chisiyeni chiume, chifukwa inki yaiwisi imasintha mtundu ikamakhazikika, ndipo ndi bwino kuweruza mawa lake. Chimene chafanana ndi munthuyo, nambala yake ndiyo muyeso wanu. Chikhomeni pakhoma, ndipo tsiku lililonse mukasintha inki kapena pepala, sindikizaninso n'kuyerekeza.

Ndinachiona ku situdiyo chili bwino, kunyumba chasintha. Anandisinthira?

Ayi, mwasintha ndi kuwala. Paja tati pepala limadalira kobwereka. Babu lofiirira lija kuwala kwake ndi pafupifupi 2,700 pa muyeso wa Kelvin, mababu oyera a LED ambiri ndi 6,500, ndipo kandulo safika ndi 2,000 pomwe. Chithunzi chimodzi pansi pa zitatuzi chioneka mitundu itatu. N'chifukwa chake makampani osindikiza anagwirizana kuti aziweruza ntchito pansi pa kuwala kwa 5,000, kumene amakutcha D50. Ife tilibe nyali yoteroyo, koma tili ndi khonde. Tulukani nacho masana, muime pamthunzi, muchiyang'ane pamenepo musanalipire.

Kodi makina onse otsukira ndi amodzi?

Ayi. Mawu akuti kutsuka anachokera pa nthawi imene chithunzi chinkaviikidwadi m'mankhwala, ndipo makina otero akadalipo m'malabu akuluakulu a m'tauni, monga a Fuji Frontier ndi Noritsu. Amenewa sathira inki. Amaunikira pepala lapadera ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, kenako pepalalo limadutsa m'mankhwala. Akamasamalidwa bwino, khungu limatuluka losalala ndipo chithunzi sichiopa dontho la madzi. Kuli timakina tina, monga Canon Selphy, timene timadutsitsa pepala kangapo pa riboni yotenthetsa, chikasu kaye, kenako magenta, kenako cyan, pomaliza chophimba choteteza. Timeneti ndi timene ojambula ena amayenda nato m'maukwati kuti akupatseni chithunzi pompopompo. Ofala kwambiri m'misika yathu ndi a inki yothira m'matanki.

Makina a fotokope ndi ena. Ndi abwino pa makalata ndi mapulogalamu a mwambo, koma pa pepala wamba nkhope yakuda imatuluka chigamba. Ngati mukukonza pulogalamu ya maliro kapena ya ukwati, sankhani chithunzi chimene nkhope yawala bwino ndipo kumbuyo kulibe zambiri, muyese kope imodzi musanalamule zonse.

Lamulo la kope imodzi limeneli ndi la paliponse. Musapereke zithunzi 80 n'kukwera minibasi. Sankhani chovuta kwambiri, chokhala ndi nkhope yakuda, chovala choyera ndi mtundu wa yunifomu, atsuke chimenecho, mugwirizane, kenako zinazo zitsatire.

Chinatuluka bwino, koma patatha chaka chafufuma. Chachitika n'chiyani?

Inki ya m'makina ambiri a matanki ndi ya utoto wosungunuka m'madzi. Imakongola, koma dzuwa limaidya, ndipo utsi wa kukhitchini ndi chinyezi cha m'dzinja zimathandizira. Mitundu yake sifufuma pa liwiro limodzi, n'chifukwa chake chithunzi chakale chimapendekera ku mtundu umodzi. Inki ina ya timiyala tosalala kwambiri, imene amaitcha pigment, imapirira zaka zambiri, koma makina ake ndi odula. Chithunzi chimene mukuchifuna chiikeni mu felemu yagalasi, pakhoma losayang'anana ndi windo kapena khomo, kapena mu alubamu. Kumata pulasitiki kumateteza ku madzi ndi zala za ana, koma kumafuna kutentha ndipo mukamata simungamatulenso, ndiye musamate chithunzi chakale cha makolo chimene chilipo chimodzi chokha. Fayilo yoyambirira isungeni malo awiri, chifukwa foni imagwera m'chitsime ndipo memori khadi imafa osatsanzika.

Nanga zithunzi za chinkhoswe zija zinatha bwanji?

Tinapita ndi foni imene inajambula, mnyamata uja anachotsa mafayilo ndi chingwe. Atasindikiza katsamba koyesera, mizere ya cyan inali yodukaduka, ndiye anatsuka mutu wa pulinta kawiri. Anakweza mithunzi, maduku anawasiya, n'kutulutsa kope imodzi. Nkhope ya azakhali inabwerera, ndi mzere wa pachipumi womwe. Koma buluu uja sanafanane ndi wa pa foni, wa pa foni anali woyakabe kuposa.

Nditawaonetsa, azakhali sananene kanthu. Analowa m'nyumba, ndinamva sutikesi ikutseguka, anatuluka ndi chitenje chenichenicho chili chopindidwa bwino. Anachiyala pakhonde, mbali ina anaika foni, mbali ina chithunzi, n'kuwerama.

"Foni yakoyi ndi yabodza," anatero. "Nsalu yanga ndi iyi ili papepalayi. Kamuuze atsuke zonse, koma cha ine ndekha chija achikulitse."